Mkamwini wa Mwendo Umodzi

Ana a masiku ano akamva za njala ija amafunsa kuti tinkadya chiyani. Ndimawauza kuti mizu, madeya ndi mango anthete. Koma chimene chinandisautsa ine chaka chimenecho sichinali cha m'mimba chokha. Ndine Filimoni, mfunda wanga Nkhoma, kwathu kwenikweni ndi ku chigwa cha Bwanje. Ndinakwatira kumtunda kuno ku Ntcheu, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, a Nangozo. Nkhondo yachiwiri ya azungu inali itatha zaka zingapo. Tinali ndi ana awiri, Tereza amene anali atayamba kutunga madzi yekha, ndi mwana wamwamuna woyamwa.

Mwendo wanga wamanzere unatsala ku Joni. Denga la mugodi linatigwera, anzanga anafera pomwepo, ine mwala unandipana pabondo. Mumdima muja ndinaitana Mulungu monga anatiphunzitsira kutchalitchi, nkhope nditalozetsa kumwamba. Kumwambako kunali mwala. Kenaka madzi anayamba kudontha kuchokera mu mwala womwewo, n'kumagwera pafupi ndi pakamwa panga, ine n'kumamwa. Apo ndi pamene ndinaona kuti chondipana ndi chondimwetsa chinali chimodzi. Sindinali kutali ndi Mulungu kuti ndizimukuwira. Ndinali m'kati mwake, monga mwana ali m'mimba, amene sangafunse kuti amayi apita kuti.

Chichokere kumeneko kutchalitchi ndinaleka. Mumutchule Mulungu, Chauta kapena Namalenga, kwa ine sanalinso mfumu yokhala kwinakwake. Phiri ndi iye, mvula ndi iye, nyenyezi, chiswe, ng'ombe pamodzi ndi nkhupakupa yake. Makolo amene anafa ali momwemo ngati mchere m'ndiwo. M'mawa ndinkatuluka pakhonde n'kuwomba m'manja kuyang'ana kumunda ndi kudzuwa. Sindinkapempha kanthu, unali moni chabe.

Okutobala

Dzinja lapitalo mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ndipo tinakolola zitsononkho zopanda mano. Pofika Okutobala nkhokwe zonse m'mudzi zinali zitayera. Mbuzi imene kale inkagula madengu angapo a chimanga tsopano inkasinthidwa ndi lichero limodzi la madeya, ndipo mwini madeyayo ankaoneka ngati wakuchitira chifundo.

Amuna anayamba kusowa. Wina ankati akukaona abale ake, wina ankati akukafuna ntchito ku Halale, ndipo sankabwerera. Ambiri anali akamwini anzanga. Mkamwini amakondedwa chifukwa cha khasu, chakudya chikatha amasanduka pakamwa powonjezera. Ine kulima ndinkalima nditagwada, ndi kakhasu ka mpini waufupi, ndipo ntchito yanga yeniyeni inali kuluka malichero ndi madengu. Koma lichero angagule ndani kulibe chopeta?

Mwana wathu wamng'ono apongozi anga anamutcha Kamwendo, ati akadzakula adzakhale mwendo wa bambo wake. Anali asanabatizidwe. Akulu a mpingo anati ayembekeze mpaka ine nditabwerera kutchalitchi. Amene ankandibweretsera mawu amenewa anali mlamu wanga, a Petulo, mchimwene wawo wa a Nangozo, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi amenenso ankatsogolera mapemphero. Anali munthu wabwino, sitinkadana. Ankakhala nane pakhonde kuthandiza kupala nsungwi uku tikutsutsana. Iwo ankati mmisiri si mphika umene waumba. Ine ndinkafunsa kuti dongolo analitenga kuti, ngati kunalibe china chilichonse koma iye yekha.

Novembala

Mwezi unafika pakati kumwamba kuli mbee. Akhristu ankasonkhana kupempha mvula. Okalamba ena anapita mobisa kukathira nsembe pansi pa mtengo wa mkuyu kumtsinje. Onse awiri anandiitana, konse ndinakana. Kwa ine dzuwa limene linkatiotchalo linali yemweyo amene ankamupempha mvulayo. Ndikamuuze chiyani chimene sakuchidziwa?

Kukana kumeneku kunandibweretsera mlandu. Mphekesera zinayenda kuti pali munthu wamanga mvula. Kwina ankati ndi azungu, kwina ankati ndi amene ali ndi chimanga chogulitsa. M'mudzi mwathu anati ndi mkamwini wa mwendo umodzi uja, amene amalankhula ndi dzuwa m'mamawa. Ati ku Joni ndinaphunzira zamatsenga, ndipo mwendowo ndinapereka ngati malipiro.

Tsiku lina masana anabwera amuna ochepa amene anatsala, akazi ambiri ali pambuyo. Analowa m'nyumba, kuvundukula miphika, kusasula udzu wa padenga, kufuna kumene ndaitsekera mvula. Ine ndinali pakhonde, ndodo zanga atazitaya patali. Tereza anabisala kumbuyo kwanga. Nditapatsidwa mpata ndinawauza kuti mbuzi yanga yomwe imandithawa ndikamaimanga, nanga mitambo ndingaigwire bwanji? Palibe anaseka. A Petulo ndi amene anaima pakati, nanena kuti aliyense wondikhudza ayambe wakhudza iwo. Anthu anabalalika akung'ung'udza, koma kuyambira tsiku limenelo palibe ankadutsa pakhomo pathu.

Mvula inagwa kumapeto kwa mwezi. Ena anati Mulungu wamva mapemphero, ena anati makolo alandira nsembe, enanso anati ndachita mantha ndaimasula. Mbewu a Nangozo anali ataisunga m'chikho chomata ndi ndowe, chokwirira pansi pa mphasa yathu, kuti tisaidye. Tinadzala tonse, iwo akukumba, ine ndikukwawa pambuyo kuponya ndi kufotsera.

Disembala

Chimanga chinamera bwino, udzu nawonso. Kupalira ndi njala n'kovuta, umalima mzere umodzi maso n'kuchita mdima. Tinkaphika mango anthete mpaka asanduke phala, ndiponso mizu ina ya kuphiri imene uyenera kuiviika ndi kutaya madzi ake kangapo kuti isakuphe. Mbuzi zinatha. Mawere a a Nangozo anayamba kuuma, Kamwendo n'kumalira mawu osatuluka.

Tinamva kuti kwatsegulidwa malo ogawira chimanga, ulendo wa m'mawa mpaka masana. A Nangozo anapita ndi akazi anzawo. Anzawo anabwera ndi kenakake m'nsalu, iwo anabwera chimanjamanja. Anati wogawayo ankafunsa mkazi aliyense ngati ali ndi mwamuna pakhomo. Amasiye ndi othawidwa ankalandira. Amene mwamuna wake alipo ankauzidwa kuti mwamunayo akagwire ntchito ya msewu kuti agule. Iwo atafotokoza za mwendo wanga, anauzidwa kuti aliyense akunena zomwezo, abwere nane adzandione. Kunalibe munthu wa mphamvu zondinyamula ulendo umenewo, ndipo akanakhalapo sakananyamula womanga mvula.

Apongozi anga aakazi sindinkalankhula nawo maso ndi maso, monga mwa mwambo. Mawu awo anadzera mwa a Petulo. A Petulowo anakhala pakhonde nthawi yaitali akutosatosa pansi ndi kamtengo, kenaka anati banja laganiza kuti ndikapume kaye kwathu ku Bwanje mpaka masika. Sananene chifukwa, koma tonse tinkachidziwa. Amuna amene anathawa aja anasiyira ana awo chakudya pothawapo. Ine amene ndinatsala ndinkawalanda anga.

Januwale

Ndinanyamuka m'mawa a Nangozo atapita kumunda. Sindinatsanzike. Njira yopita kuchigwa ndi yotsetsereka, ndipo ndodo zinkamira m'matope. Ndinagwa kambirimbiri. Dzuwa litapendeka ndinafika pamtsinje umene munthu wa miyendo iwiri amafikapo asanatuluke thukuta. Unali utadzaza, madzi ofiira akukokolola mitengo. Kuwoloka kunali kosatheka. Kukwera kubwerera mphamvu ndinalibe.

Ndinakhala pagombe mvula ikundivumba. Ndinaganiza kuti ndikangodzigwetsera m'madzimo a Nangozo adzakhala wamasiye, ndipo adzalandira chimanga popanda kunama. Sindinkaopa moto wosatha, chifukwa sindinkaukhulupirira. Chimene chinandigwira chinali china. Mkhristu akatopa ndi dziko amati akupita kwawo. Wopembedza azimu amati akutsata makolo. Ine ndinalibe kopita. Madziwo anali iye, gombe limene ndinakhalapo linali iye, njala ya m'mimba mwa mwana wanga inali iye. Ndikalowa m'madzi ndiye kuti ndangotembenukira mbali ina m'mimba momwemo. Chinthu chimene chinanditonthoza mu mugodi tsopano chinali ngati nyumba yopanda khomo. Ndinafuna munthu woti ndimukalipire, ndimufunse kuti wachitiranji zimenezi, koma kulikonse kumene ndinayang'ana kunalibe nkhope. Kunali mvula, miyala ndi achule akulira mosangalala.

A Nangozo anandipeza potsata mabowo a ndodo. Kamwendo anali kumsana. Anaima n'kuyang'ana madziwo, kenaka ine, ndipo ndinaona kuti adziwa zimene ndinkaganiza.

"Bambo a Tereza," anatero, "ine ndinalumbira pamaso pa anthu kuti ndinu mwamuna wanga. Mukufuna ndikalandire chimanga cha mtembo wanu, ndidyetse ana? Dzukani."

Ndinawauza kuti sindingathe kukwera. Anamasula mwana kumsana, n'kumumangira pachifuwa panga, ndipo anaika dzanja langa paphewa pawo. Mafupa awo ankandibaya m'khwapa. Tinakwera choncho, kupuma pamwala uliwonse. Titafika anapita okha kwa amayi awo, ndipo zimene anakanena sindinazimve, koma nkhani ya ku Bwanje sinatchulidwenso.

Febuluwale

Uwu ndiwo unali mwezi woipitsitsa. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, chobiriwira mochititsa kaso, koma chosadyeka. Anthu ankatupa miyendo ndi nkhope. Maliro analeka kulengezedwa, ndipo kumanda kunkapita abale okhaokha.

Kunamveka kuti ku Tsangano ndi kutsidya kwa Apwitikizi kuli ganyu wokumba mbatata ya kachewere, malipiro ake mbatata yomweyo. A Nangozo anaganiza zopita. Mwana sakanatha kumunyamula, chifukwa pobwera anafunika kusenza katundu, ndiponso mkaka unali utauma kale. Anatisiyira kaufa ka madeya kothira m'madzi, nati abwera msanga.

Kaufako kanatha iwo asanabwere. Tereza ankapita kukathyola chisoso ndi bonongwe, ine n'kumaphika, kusefa madzi ake, kumamwetsa Kamwendo ndi chala. Mapazi ake anatupa, tsitsi linafiira. Analeka kulira. Ankangondiyang'ana ndi maso aakulu ngati a munthu wamkulu.

A Petulo anabwera m'mawa wina akuyenda mogwira zipupa, nawonso atatupa. Atamuona mwanayo anandiuza kuti munthu akakhala pafupi kufa aliyense angathe kumubatiza, osayembekezera ansembe kapena akulu a mpingo, koma sangachite popanda ine bambo wake kulola. Ankayembekeza kuti tikangana. Ndinawauza kuti achite. Ndinkadziwa kuti a Nangozo akabwera funso lawo loyamba lidzakhala limenelo, ndipo madzi sindinkawaona ngati mdani. Tereza anatunga m'chikho, ine ndinagwira mutu wa mwana, a Petulo anathira n'kumutcha Yosefe. Madontho ena anatsikira pamilomo pake, ndipo anawanyambita. Anamwalira dzuwa lisanafike pamutu.

Okumba manda kunalibe. Ndinakumba ndekha nditagwada, a Petulo akuchotsa dothi ndi lichero. Kukumba ndiyo ntchito imene ndinaidziwa bwino kuposa zonse, ndipo dzenjelo ndinaliwongola mbali zake ngati wina adzabwera kudzaliyesa.

A Nangozo anafika mawa lake, dengu la mbatata lili pamutu, mapazi atang'ambika. Anatula, n'kuyang'ana pamphasa, n'kuyang'ana kumsana kwa Tereza. Sanalire pomwepo. Anafunsa ngati anabatizidwa, ndipo a Petulo anawauza kuti inde, ali kumwamba pamodzi ndi angelo. A Nangozo anagwedeza mutu. Mlamu wanga atachoka anatembenukira kwa ine.

"Inu mumati zonse ndi Mulungu. Nanga amene wadya mwana wangayu ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi njala, kapena kuti ndi wogawa chimanga uja. Koma anandifunsa moona, ndipo ndinayankha moona. "Ndi yemweyo."

"Ndipo mawa m'mawa mudzamuwombera m'manja?"

"Ndilibe kwina koyang'ana, a Nangozo."

Anaphika mbatata, anatipatsa ine ndi Tereza, iwo anadya atatifulatira. Kuyambira tsiku limenelo analeka kundilankhula.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, kenaka chimanga chachiwisi. Ena anadya mothamanga mimba zitaiwala ntchito, ndipo anafa chakudya chili m'manja. Akuba anachuluka, motero ndinasamukira m'kasakasa kumunda, kumene ndinkakhala ndikuluka nkhokwe yatsopano chifukwa yakale inali itadyedwa ndi chiswe. Tereza ndi amene ankabweretsa chakudya ndi mawu. Amayi ati nkhuni zatha. Amayi ati mbali ya kumunsi kwalowa anyani.

M'mawa ndinkawombabe m'manja, koma manjawo ankalemera. Sindinganene kuti ndinkamukonda amene ndinkamupatsa moniyo. Ndinkaona chimanga chikukhwima pa dothi lomwe lija linameza mwana wanga, ndipo zonse ziwiri zinali zoona nthawi imodzi. Ndinkawachitira nsanje a Nangozo, poganiza kuti iwo ali ndi wina womulirira, woti angamukwiyire n'kudzamukhululukira. Lamulungu ndinkawaona patali akupita kutchalitchi atafunda nsalu yawo yakuda.

Amuna othawa aja anayamba kubwerera, ena ndi kansalu, ena ndi manja okha. Akazi ena anawalandira, ena anawaikira katundu panja. Amene anasasula denga langa ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ndipo ena anabwera kudzafunsa malichero.

Epulo

Tinakolola bwino. Tsiku lothira m'nkhokwe pamafunika munthu m'kati wosanja chimanga, ndipo ntchito imeneyo imatheka ndi mwendo umodzi. A Petulo anandikweza n'kunditsitsiramo, denga tisanaike, kenaka anapita kusukulu, nati adzanditulutsa masana. A Nangozo ankabwera ndi dengu, kukwera pamtondo, kukhuthula osandiyang'ana. Tereza anali kumunda kulondera mulu wotsala.

Chimanga chinakwera mpaka m'chiuno. Ndinayesa kudzikoka koma mwendo unali utakwiririka, ndipo nsungwi za m'mphepete zinali zotalika. Ndinapempha a Nangozo kuti aitane munthu. Ndinamva atsika pamtondo, n'kukhala pansi atatsamira nkhokweyo. Sitinkaonana, pakati pathu panali nsungwi zolukidwa. Mwina n'chifukwa chake anatha kulankhula.

Anandiuza kuti kutchalitchi amapita koma pakamwa sipatseguka. Anzawo akamaimba iwo amangoyang'ana kudenga. Anati amayesa kumuona mwanayo kumwamba atavala zoyera monga amanenera a Petulo, koma amamuona ali momwe anamusiyira, pamphasa, akuyamwa chala. Anati ku Tsangano kuja anamaliza ganyu woyamba n'kutsalira kuti agwire wina, dengu lidzaze, ndipo akanangobwera nalo la theka akanamupeza. Analankhula nthawi yaitali, ine ndikumvetsera m'chimanga. Kenaka anafunsa ndi mawu otsika.

"Bambo a Tereza, kumene mukuti aliko inuyo, kodi akumvabe njala?"

Ndinaganiza kaye, chifukwa sindinafune kuwanamiza ngakhale pa ichi.

"Njala ndi ya m'mimba," ndinatero. "Mimbayo ndinaikwirira ndine ndi manja angawa. Chimene chatsalacho sichimva njala."

Kenaka anati, "Achimwene nawonso akutero."

"Ndiye pamenepo tagwirizana."

Ndinamva nkhokwe ikugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti akulira, kulira kumene sanalire tsiku lobwera ndi mbatata lija. Sindikanatha kuwafikira. Ndinapisa zala pampata wa nsungwi mpaka zinakhudza mpango wa kumutu kwawo, n'kuzisiya pomwepo.

Atatha anamina, n'kuimirira. Ndinamva mtondo ukukokedwa kufupi. Nkhope yawo inatulukira pamwamba, maso ali ofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere Febuluwale anandiyang'ana. Anatambasula manja onse awiri.

"Gwirani," anatero. "Madengu atsala ambiri kumunda."